Mathanki Awiri a Kumanzere

Chipinda chapansi cha nyumba imene tinkachita lendi ku Falls Church, m'dziko la eni kutsidya kwa nyanja, chinkanunkha mchere ndi masamba a nimu owiritsa. Fungolo linkakwera masitepe n'kulowerera m'makatani, m'zovala, ngakhale m'buledi. Chinali chilimwe cha 1992, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kunja kunkatentha mwachinyontho moti malaya ankamata pamsana ukangotuluka pakhomo.

Pansipo adadi anaikapo mathanki anayi agalasi. Ankawetamo ndere za m'nyanja yamchere, zonenepa, za nthambi ngati zala, zimene amayi a kugombe la ku Tanzania ankalima pazingwe n'kumagulitsa. Nderezo zinkagwidwa ndi tindere tina tofiira, tonga ubweya, timene tinkazikuta mpaka zitayamba kuyera ndi kuthothoka. Kabungwe kena ka ku Foggy Bottom kanawapatsa adadi miyezi itatu kuti aone ngati madzi a nimu angathetse vutoli. Mapepala athu okhalira m'dzikolo anali pa ntchito imeneyo. Palibe anandiuza, koma ndinkamva amami akunong'ona pafoni. Ndinkadziwanso kuti ang'ono awo a adadi anatengedwa ku Zomba ndi anthu a galimoto yopanda nambala, ndipo kuti kwathu kunali kosabwererako.

M'mawa uliwonse adadi ankatulutsa mufiriji botolo la madzi a nimu amene anawiritsa ndi kusefa pakansalu. Ankayeza pang'ono n'kudontheza m'mathanki awiri a kumanja. Awiri a kumanzere sankawathira kanthu. Mapampu ankang'ung'uza tsiku lonse, ndipo kulira kwake ndinkakumva m'mapazi ndikaima pakhitchini. Ine ndinkakhala pasitepe yachitatu, dzanja lili pachibwano, n'kumaonera. Kumanja ndere zinkanenepa. Kumanzere ubweya wofiira unkawirira ndithu, ukugwedezeka pang'onopang'ono m'madzi ngati ukupuma. Adadi akafika pamenepo ankakwinya nkhope, n'kulemba nthawi yaitali m'kope mwawo.

Ndinaganiza kuti mathanki awiriwo ndi amene adzatithamangitse. Mwina adadi ankaumira nimu poopa kuti atha, mwina anali atataya mtima. Tsiku lina atakwera sitima kupita kuofesi, amami akugona chifukwa cha kutopa ndi ntchito yosamalira okalamba, ndinatsika ndi botolo lija. Ndinathira kumanzere, mowolowa manja. Madzi anachita mtambo wobiriwira, kenaka n'kuyera. Poopa kuti azindikira kuchepa kwake, ndinadzazitsa botololo ndi madzi a pampopi. Ndinachita zimenezi masabata atatu, nthawi zonse akachokapo, ndipo mumtima ndinkadziona ngati mpulumutsi wa banja lathu.

Pofika pakati pa Ogasiti mathanki onse anayi anali atafanana. Kumanzere ubweya unachepa, kumanja unayamba kumera. Ndinkayembekeza kuti adadi asekerera, koma anasiya kuimba nyimbo za kwaya zimene ankaimba akamasefa. Ankatsika pansi n'kukhalako osadya, akuvundukula masamba a kope, kubwerera koyamba, kuvundukulanso. Amami anatsitsa masutikesi pamwamba pa kabati, n'kuwapukuta fumbi, osanena chifukwa.

Masana ena kumwamba kunada bii, mphepo ikupinda mitengo ya kuseri kwa nyumba, mabingu akugunda chapatali. Adadi anandiitana pansi. Anali atanyamula botolo lija molunjika kubabu la magetsi.

"Tadala, umatsika kuno ine ndikachokapo?"

Ndinayankha m'Chingelezi kuti ayi, monga ndinkachitira ndikafuna kuzemba nkhani.

"Madzi awa si mmene ndinawasiyira," anatero. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso awo ali ofiira. "Chabwino. Kwera, mayi ako adzuka."

Sanandifunsenso. Sabata yotsatira anavala jekete ngakhale kunali kotentha, n'kupita kukapereka lipoti. Ntchito inathera pomwepo. Mathanki anawakhuthula kuseri kwa nyumba, ndipo udzu wa pamenepo unauma ndi mchere. Tinakhala miyezi masutikesi ali m'kholido, amami akudzidzimuka ndi kalata iliyonse, mpaka mapepala a ntchito a amamiwo atatheka. Sitinabwerere. Adadi analowa ntchito yosambitsa ndi kudyetsa odwala ku Gaithersburg, ndipo za ndere sanazigwirenso.

Lipotilo ndinadzaliwerenga ndili wamkulu, tikulongedza katundu wawo atamwalira. Analembamo kuti masabata oyamba nimu ankaoneka kuti akuthandiza, koma kafukufukuyo anasokonekera chifukwa iwo sanasamale bwino malo ake, motero sakanatha kutsimikiza kanthu. Manambala a masabata oyambawo anali okongola, ndipo akanangopereka amenewo palibe akanadziwa. Dzina langa munalibe.

Ndili mwana ndinkaona ndere zodwala zimene munthu wamkulu ankazimana mankhwala, ndipo ndinkati kukhala chete kwa adadi kunali mkwiyo umene tsiku lina udzandigwera. Tsopano ndikudziwa kuti mathanki osathiridwawo ndi amene akanaonetsa ngati mankhwala akugwira ntchito. Ndikudziwanso kuti masana aja adadi anali ndi mantha kuposa ine, ndipo ataona kuti mwana wawo akunama chifukwa cha mantha omwewo, anasankha kuwasenza okha.