Voti Yanga pa Pulogalamu Yojambulira Makina

M'chaka chachitatu cha maphunziro anga a uinjiniya kuno ku Perth, aphunzitsi anatigawa m'magulu a anthu asanu kuti gulu lililonse likonze pulani ya lamba wonyamula miyala mumgodi. M'gulu lathu munali anyamata awiri obadwira konkuno, mtsikana wa konkunonso amene tinamusankha kutitsogolera, ineyo, ndi bambo wina wochokera kwathu ku Malawi. Bamboyo anali wamsinkhu wa atate anga, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya kumpoto kwa dziko lino asanabwerere m'kalasi.

Ntchito yoyamba inali kusankha pulogalamu ya pakompyuta yojambulira zitsulo za makinawo. Mapulogalamu analipo awiri. Ina inali yolemera, yofuna kompyuta yamphamvu, ndipo ndi imene bamboyo anaizolowera kumgodi. Inayo inkayenda pa intaneti, moti aliyense akanatha kujambula ali kwawo. Gulu linandituma kuti ndiyese onse awiri, ndipo ndinatha milungu iwiri ndikuchita zimenezo. Yolemerayo laputopu yanga inaikaniratu: inkangotentha, kenako n'kuzima. Makompyuta a kusukulu amene akanaikwanitsa ankakhala odzaza, pamene ine ndimakhala kutali ku Ellenbrook, ndipo masana ena ndimagwira ntchito. Ndinkadziwa kuti gulu likasankha yolemerayo, chimango cha makina, chomwe chinali gawo langa, sindidzachijambula.

Pamsonkhano mavoti anafanana. Bamboyo ndi mnyamata mmodzi anafuna yolemera. Wotsogolera ndi mnyamata winayo anafuna ya pa intaneti. Ndinatsala ine. Ndisanatsegule pakamwa, bamboyo anatembenukira kwa ine akuseka, n'kuyamba Chichewa.

"Mnyamata, usatichititse manyazi pamaso pa azunguwa. Ya pa intanetiyo ndi ya ana a sukulu ya mkaka. Ukakaitchula kumgodi akakupatsa tsache."

"Koma bambo, laputopu yangayi..."

"Imeneyo si laputopu, ndi mbaula. Uziwotherapo moto mu Julayi. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Aliyense woleredwa kwathu amadziwa tanthauzo la mawu amenewa. Mwana akauza wamkulu kuti wamva, akunena kuti mawu afika m'khutu ndipo sakufuna kukangana naye pagulu. Kuvomera kuli ndi mawu akeake, ndipo ine sindinawanene. Bamboyo Chichewa amachidziwa kuposa ine, choncho sindingawakhululukire ponena kuti sanamvetse.

Wotsogolera anafunsa m'Chingerezi kuti tikukambirana chiyani. Bamboyo anandiyankhira, nati ndagwirizana nawo. Mtsikanayo anandiyang'ana n'kundifunsa ngati zinalidi choncho. Kukana kukanatanthauza kunena kuti munthu wofanana ndi atate anga wanama, pamaso pa alendo. Ndinaweramitsa mutu, monga tinaphunzitsidwira pamene wamkulu walankhula. Wotsogolerayo anaona mutu ukutsika, nayesa kuti ndavomera. Analemba kuti atatu aposa awiri, ndipo tinapita pa mfundo ina.

Ndinayesetsa kwa milungu itatu. Ndinkakwera sitima m'mamawa, n'kukapeza makompyuta onse ali ndi eni ake. Ndikaipeza imodzi, nthawi yopita kuntchito inkakhala itakwana. Chimango chinachedwa, ndipo ena sakanatha kulumikiza zigawo zawo popanda icho. Wotsogolera anandiitanira pambali, nandiuza mwaulemu kwambiri kuti wapereka chimangocho kwa mmodzi wa anyamata aja, ndipo ine ndizilemba lipoti. Ndinamufotokozera tsopano zimene zinachitika pamsonkhano paja. Anadabwa, nandifunsa chifukwa chake sindinangonena kuti ayi. Ndinangolandira ntchito yolemba lipotiyo.

Bamboyo sanaonepo vuto. Anandigwira paphewa pakhomo la kalasi, nati, "Ana a masiku ano mumafooka msanga. Kulemba nakonso ndi ntchito, usadandaule."

Tsiku losonyeza ntchito yathu, aphunzitsi anapempha aliyense kuti aonetse chigawo chimene anajambula. Anzanga anayi anatembenuza zitsulo zawo pakanema, uku akufotokoza. Itafika nthawi yanga ndinanena zoona, kuti sindinajambule chilichonse. Gulu linakhoza bwino, koma pansi pa malikisi anga aphunzitsi analemba kuti mbali yanga pa kukonza makinawo inali yochepa.

Mwezi uno makampani akulandira makalata a ophunzira ofuna kukaphunzira ntchito patchuthi, ndipo amapempha kuti munthu atumize zimene anajambulapo ndi manja ake. Anzanga anayi aja atumiza kale. Ine ndili ndi lipoti lolembedwa bwino, lofotokoza zitsulo za anthu ena.