Mkazi wa Mwamuna Amene Sindinamuonepo

Sabata ino ndatuluka m'nyuzipepala ziwiri, abale anga. Ine Nachisale, amene sukulu ndinailekera panjira, amene ntchito yanga ndi kusita nsalu zoyala pabedi kuhotela ina mumzinda wa Alexandria, kuno kudziko la Azungu.

Nyuzipepala imodzi ikuti ndine mayi wa ufulu. Inayo ikuti ndine kapolo wa adani a dziko. Pali chinthu chimodzi chokha chimene zagwirizana: akuti ndine mkazi wa mwamuna wa ku Haiti amene sindinamuonepo ngakhale kumaloto.

Imvani mmene zinayendera.

Kuntchito ndimasita ndi mnzanga Solange, wa ku Haiti. Chingerezi chake n'chothyokathyoka ngati changa, choncho timamvana bwino. Iye anabwera kuno yekha, n'kusiya ana awiri kwa apongozi ake. Mwamuna wake Jozefu anali mphunzitsi. Tsiku lina analankhula pawailesi kuti kudera lakwawo ana akumwa madzi a m'ngalande, ndipo analankhula m'Chikiliyo, chilankhulo cha anthu wamba, osati m'Chifalansa cha mabwana. Anthu onse anamva. Boma nalo linamva. Anabwera amuna ovala magalasi akuda n'kumutenga.

Mwezi wathawu uthenga unafika woti Jozefu wamwalira m'ndende.

Anthu otsutsa boma la Haiti amene amakhala kuno anakonza zoti akumane kunyumba ya mmodzi wawo m'tauni ya Falls Church, amulire. Solange sanafune. Anandiuza uku akupinda nsalu kuti, "Achemwali, ana anga akadali komweko. Nkhope yanga ikaoneka pakati pa anthu amenewa, a magalasi aja adzagogoda kwa apongozi anga." Koma akuluakuluwo anamuumiriza, akuti Jozefu si wa banja lokha ayi, ndi wa dziko lonse.

Inenso ndinapita. Maliro n'kulirana. Mwamuna wanga, bambo a Tiyamike, atamwalira m'nyengo yozizira ija, Solange anakhala nane kuchipatala osadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa.

Ndinachita zimene amayi anandiphunzitsa. Ndinamanga chitenje, duku kumutu, nsapato n'kuzisiya pakhomo. Nditalowa ndinakhala pansi pakapeti, n'kutambalala pafupi ndi tebulo limene anaikapo chithunzi cha malemu. Kodi mzimayi amakhala pampando pamaliro?

Nditakhazikika ndi pamene ndinaona mmene nyumbayo inakhalira. Pasofa panali madokotala ndi maloya, oyererako khungu, amene kwathu timawatcha makaladi, akulankhula Chifalansa. M'mipando ya kukhoma munali oderako. Kukhitchini ndiye kunali akuda bii ngati ine, akukazinga nthochi. Palibe anawauza kuti iwe khala apa, iwe pita uko. Aliyense anangodziwa malo ake, ngati ng'ombe zolowa m'khola. Solange, mwini maliro, anali kukhitchini, ndipo sindinamve wina akumufunsa.

Nkhani ya khungu imeneyi Solange anali atandifotokozera kale. Akuti kwawo oyererako ndi ochepa, koma masitolo akuluakulu ndi awo kuyambira makolo. Ndiye kunabwera pulezidenti wakuda, n'kunena kuti nthawi ya akuda yakwana. Akuda anavina. Kenaka pulezidentiyo anayamba kumanga anthu, ndipo ndende yake sinkafunsa khungu. Anadzitcha wamuyaya. Atamwalira, mwana wake anatenga mpando, nayenso wamuyaya, n'kukwatira mkazi woyererako wa ku mabanja a masitolo komwe kuja.

Mawu oti wamuyaya amenewa ena a inu mukuwadziwa. Musakhosomole. Ine ndikunena za Haiti. Kwathu kuli mtendere, nyuzipepala yakwathu imatero tsiku lililonse.

Tsono wina anayambitsa nyimbo. Mawu sindinawamve, koma inkayenda ngati ija tinaimba potsitsa bambo a Tiyamike m'nthaka ya eni ino. Misozi inangobwera yokha. Ndinalira, abale anga, ndinalira mwamuna wanga weniweni, mpaka duku linapendekeka.

Apo n'kuti wa kamera wa nyuzipepala ya otsutsa boma atafika. Mabwana aja anadzuka pasofa, n'kukonza matayi, n'kuima kumbuyo kwanga. Mmodzi anandigwira paphewa n'kunena mawu ambiri a Chifalansa. Ine poti mwambo ndimaudziwa, ndinayankha kuti, "Zikomo, bambo." Kuwala kwa kamera kunangoti ng'ani!

Lachiwiri lapitali Solange anabwera kuntchito ndi nyuzipepala ziwiri zogula kusitolo ya anthu akwawo. Pa nthawi ya chakudya anaziyala pa tebulo lositirapo.

"Moni, mayi Jozefu," anatero.

Ya otsutsa boma, imene amasindikiza ku New York, inandiika patsamba loyamba. Solange anandimasulira: mkazi wa ngwazi akulira, atsogoleri a mawa akumutonthoza. Mayina a atsogoleriwo analembedwa onse, ndi maudokotala awo. Langa, kapena kuti la Solange, panalibe.

Ya boma, yobwera pandege kuchokera ku Port-au-Prince, inatenga chithunzi chomwechomwecho. Iyo ikuti: taonani amene akufuna kutilamula, oyera ali chilili, mayi wakuda amukhazika pansi ngati masiku a ukapolo. Za mmene Jozefu anafera, akuti anadwala malungo ndipo boma linayesetsa.

Chithunzi chimodzi, kapeti yomweyo, mapazi anga omwewo opanda nsapato. Awa aona ufulu, awo aona ukapolo. Palibe anaona mzimayi wa ku Dedza akulira mwamuna wake amene ankayendetsa galimoto.

Nanga nyuzipepala zazikulu za Azungu kuno? Ndinafufuza zimene alendo amasiya m'zipinda. Haiti amangoikumbukira boti la anthu othawa kwawo likamira kufupi ndi Florida. Mphunzitsi wofera m'ndende alibe madzi okwanira oti awasangalatse.

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Solange, tiye tikawauze. Mwamuna ndi wako, misozi ndi yako. Anthu amenewa akuti akumenyera anthu wamba, koma analephera kuyenda masitepe ochepa kukafika kukhitchini kukafunsa kuti namfedwa ndi uti?"

Anaseka, koma misozi ili lengelenge m'maso.

"Anaona mzimayi wakuda, wosavala nsapato, ali pansi akulira. Ankafunanso chiyani? Kwa iwo tonse tili ndi nkhope imodzi."

"Ndiye tikakonze."

"Ayi, achemwali. Akakonza, adzafuna nkhope yanga. Adzafuna ndilankhule pamsonkhano. A magalasi aja amandidziwa ine, anandiona tsiku limene anatenga Jozefu. Akaona chithunzichi aziti otsutsa boma aja anachita kulemba ganyu munthu wodzalira, mkazi weniweni sali nawo. Ana anga agona."

Ayironi inali itatentha, koma sindinaigwire.

Kenaka Solange anati, "Musaganize kuti sizikupweteka. Ndinamuphikira, ndinamuberekera. Lero dziko lonse likudziwa kuti mkazi wake ndi inu." Anatenga sizasi yodulira ulusi, n'kudula bwinobwino kankhope ka Jozefu kamene kankaoneka patebulo m'chithunzimo, n'kukaika m'thumba la yunifolomu. Zotsalazo, mabwana ndi ine, anandikankhira. "Awa tengani. Ndi alamu anu."

Ndiye ndikupemphani inu a kutchalitchi kwathu, makamaka ana athu ophunzira amene mumabwera kudzadya kwanga Lamlungu, nyuzipepala zili m'khwapa, n'kumatsutsana za Haiti mpaka ndiwo kuzizira. Wina amati vuto ndi makaladi, wina amati vuto ndi boma, aliyense akuwerenga mokweza pepala limene likugwirizana naye. Sindikuletsani. Inu munapita kusukulu, werengani. Koma mukaona munthu akulira patsamba loyamba, muzifunsa kuti dzina lake ndani, nanga amene sanajambulidwe ali kuti.

Ndipo mukakumana nane pabasi, musandifunse kuti ndinakwatiwanso liti. Wina wa ku Haiti akakufunsani ngati mukumudziwa mayi ali m'chithunziyo, ingonenani zoona: ndi namfedwa. Musapitirire pamenepo, pali ana awiri kutsidya la nyanja.

Chithunzi chodulidwacho ndachiika pafupi ndi cha bambo a Tiyamike. Iwo anali munthu wa nthabwala, akanaseka mpaka kugwira m'mimba. Mabwana asanu aja aimirira kumbuyo kwanga ndi matayi awo, akuyang'ana kamera, okonzeka kulamula dziko. Pamene panali nkhope ya Jozefu pali bowo.

Anthu amene sakumudziwa mkazi wa malemu m'nyumba ya zipinda ziwiri, adzawadziwa bwanji anthu a dziko lonse?