Zukini wa M'zigubu Zisanu

Chaka chimene ndinathyoka mwendo, mwana wanga wamkazi anakana kuti ndibwerere ku Chipangali. Ndinagwa ndikuchokera kumunda nditasenza dengu la nsawa, ndipo nditatuluka m'chipatala anandikweza galimoto mpaka kunyumba kwake ku Kalongwezi, m'tauni ya Chipata. Bambo ake anali atatisiya zaka zitatu m'mbuyomo, choncho kumudzi kunalibe wonditungira madzi.

"Amama, pano muzingopuma," anatero. "Chilichonse chilipo."

Chinalipodi chilichonse: madzi a pampopi, magetsi, firiji. Koma iye amagwira ntchito ya mapepala a katundu kumalire a Mwami, ndipo ankanyamuka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa. Mwamuna wake amayendetsa thiraki, amatha milungu iwiri ali pamsewu. Geti likatsekedwa m'mawa, ndinkatsala ndekha ndi ndodo yanga, mkati mwa mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu. Bwalo lonse linali la simenti. Ndinkayenda kuchokera pakhonde kukafika pageti, n'kubwerera, n'kupitanso, monga anandiuzira a kuchipatala. Tsiku lina mwana wanga atandipatsa moni madzulo, mawu anga anatuluka osasa. Ndinali ndisanalankhule ndi munthu chidzukireni.

Ndinapempha khasu. Iye anaseka, nati mwini nyumba sangalole kuti tiphwanye simenti yake. Koma Loweruka lotsatira anabwera ndi kapaketi ka mbewu kuchokera m'sitolo. Pachithunzi panali timaungu tatitali tobiriwira, tooneka ngati nkhaka.

"Amatchula kuti zukini. Ena amati bebimaro. Wogulitsa wati ndi maungu osayanga, amangokhala pamalo amodzi. Mutha kubzala m'chigubu."

Ndinaona ngati chipongwe. Ine amene ndinkalima chimanga chodzaza nkhokwe ziwiri, lero ndilime m'chigubu? Kapaketiko kanakhala pawindo sabata yathunthu. Kenako mkamwini anabwera kuchokera ku ulendo, ndipo popanda kundifunsa anadula pamwamba zigubu zisanu za mafuta ophikira, n'kuboola kunsi ndi msomali wamoto kuti madzi azituluka. Anabweretsanso matumba a dothi lakuda ndi manyowa a mbuzi. Anandiikira mpando pafupi, nati, "Amayi, munda wanu uwu." M'mawa mwake ananyamukanso.

Dothilo ndinalisakaniza ndi manja. Linali loyamba kuligwira m'miyezi inayi, ndipo ndinachedwa dala kukasamba. Ndinabzala njere ziwiriziwiri, Ogasiti akutha. Pasanathe sabata zinamera, ndipo m'chigubu chilichonse ndinazulamo yofooka n'kusiya imodzi.

Mbewu ya m'chigubu ndi yaludzu. Kumunda mizu imadzifunira yokha chinyontho, koma umu imadikira iwe. Ndinkathirira m'mawa uliwonse ndi kaketulo, chifukwa ndowa sindikanatha kunyamula ndi dzanja limodzi lina lili pandodo. Maulendo khumi kuchokera kumpopi. Kutentha kwa Okutobala kutayamba, simenti inkawotcha mapazi, ndipo masana masamba ankagwa ngati afa. Ndinakulunga zigubuzo ndi masaka onyowa n'kuyamba kuthiriranso madzulo. Masamba anakula otambalala, ofanana ndi chiwawa, masamba a maungu a kwathu aja, koma aminga yoyabwa kwambiri.

Maluwa oyamba anali opanda kanthu kumbuyo kwake, ndipo sindinadabwe, maungu amayamba choncho. Kenako anabwera ena okhala ndi kamwana kunsi, kakang'ono ngati chala. Ndinasangalala. Koma patapita masiku atatu kamwanako kanasanduka kachikasu, kanafewa kunsonga, n'kugwa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatunso. Ndinawonjezera madzi, ndinachepetsa madzi, ndinathira phulusa, koma ayi ndithu.

M'mawa wina nditapeza tina tiwiri tawola, ndinayamba kuzikalipira mbewuzo mokweza.

"Mukufuna chiyani kodi inu? Manyowa ndakupatsani. Madzi ndikukutungirani ndi mwendo umodzi. Mukufunanso chiyani?"

"Pepani amayi," anatero mawu a bambo wachikulire kuseri kwa mpanda. "Mukukalipira ndani kumeneko?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinayankha kuti ndi maungu chabe. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anadzifotokoza. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, wokulira ku mishoni ya Tamanda, ndipo ankakhala okha m'nyumba yoyandikana nafe chimwalirireni akazi awo. Ana awo onse anali ku Lusaka. Anandifunsa mmene timaunguto tinkafera, ndipo nditawauza anafunsanso funso limodzi.

"Njuchi mumaziona kumeneko?"

Ndinaganiza. Ntchentche ndinkaziona, koma njuchi ayi. Zikanabwera kudzatani pabwalo la simenti?

"Basi, ndi chimenecho. Ntchito ya njuchi muigwire ndinu. M'mawa maluwa akangotseguka, muthyole duwa lopanda kamwana lija, ndilo lalimuna. Muchotse masamba ake achikasu, kutsale kamtima ka ufa kaja. Ndiye mukhudzitse pakati pa duwa lalikazi. Musachedwe, dzuwa likakwera amatseka."

Ndinangoti zikomo aphunzitsi, n'kulowa m'nyumba msanga. Nkhani ya chachimuna ndi chachikazi ndi bambo wosamudziwa, ine mayi wa ku Katolika wa imvi zanga! Komanso zinandipweteka mumtima. Ndalima maungu moyo wanga wonse osadziwa kuti pali wina amene ankandigwirira ntchito imeneyi.

M'mawa mwake ndinachita monga ananenera. Patapita masiku anayi kamwana kaja sikanagwe. Kanatalika, khungu lake likuwala. Ndinapita pampanda n'kugogoda njerwa ndi ndodo.

"Aphunzitsi, mulipo? Kagwira!"

Kuyambira tsiku limenelo tinkacheza m'mawa uliwonse ndikatha kuthirira, ine mbali ino pampando wanga, iwo mbali inayo. Nkhope yawo sindinaionepo. Ndinkangomva kukoka kwa mpando wawo wachitsulo ndi chifuwa chawo. Ankandiuza za masukulu a kumidzi kumene anaphunzitsa, ine ndinkawauza za thonje ndi nsawa za ku Chipangali. Tinkatsutsana za mvula.

Pa zokolola tinakangana. Iwo anati ndizidula zukini akangofika kutalika kwa dzanja, kuchokera pachikhatho mpaka kunsonga ya chala. Ine ndinati kumeneko n'kuwononga chakudya, dzungu amalisiya likhwime. Ndinasiya mmodzi m'chigubu chachitatu. M'masiku khumi anakula ngati mkono wa mwamuna. Nditamudula, khungu linali lolimba, mkati muli njere zokhazokha ndi madzi, wosakoma n'komwe. Ndipo mbewu ya m'chigubu chimenecho inaleka kubereka kwa nthawi, mphamvu yonse itathera mwa iyeyo. Nditawauza aphunzitsi, anangoti, "Ndinaphunzitsapo ana ouma mutu kuposa inu."

Ndinayamba kudula aang'ono, ndi mpeni, tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi. Ukamadula ndiye amaberekanso. Manja anga anali ndi mikwingwirima ya minga ya masamba. Ndinkaphika ndi tomato ndi anyezi, masiku ena kutendera ndi nsinjiro. Mwana wanga anadya masiku awiri oyamba n'kuyamikira, koma kawirikawiri ankabwera atadya kale kuntchito, atatopa, maso ali pafoni. Firiji inayamba kudzaza. Kumudzi ndikanangotuma mbale kwa alamu anga kapena kwa anzanga a ku mphakati wa tchalitchi. Kuno sindinkadziwa khomo la munthu.

Ndiye ndinkaika anayi kapena asanu m'pepala la pulasitiki, kulikoleka kunsonga ya ndodo, n'kulikweza pamwamba pa mpanda. Dzanja loonda linkatulukira n'kulandira. Pepalalo linkabwerera ndi mandimu a pamtengo wawo.

Chapakati pa Novembala ndinagogoda mpanda, koma sanayankhe. Ndinaganiza kuti apita kutauni. Mawa lake ndinagogodanso, n'kuima nthawi yaitali pepala lili m'mwamba mpaka mkono unatopa. Tsiku lachitatu ndinapempha mwana wanga kuti akafunse. Anabwerako nati mlonda wa nyumba ya kutsogolo wamuuza kuti ana awo anabwera ndi galimoto Lamulungu n'kuwatengera ku Lusaka, chifuwa chija chitakula. Lamulungu limenelo ine ndinali ku Misa. Linali tsiku loyamba kupita kutchalitchi chithyokereni mwendo.

Zukini anapitiriza kubereka. Ndinkadzukabe m'mawa, kuthyola duwa, kukhudzitsa, kuthirira, kudula. Ndinkaphika kambale kamodzi n'kudya ndekha pakhonde. Otsala ena anafewa m'firiji ndipo ndinawataya, chinthu chimene sindinachitepo ndi chakudya cholima ndekha.

Mvula itagwa, masamba anayamba kuchita zoyera ngati wawazapo ufa. Ndinadula odwalawo, koma matenda anafalikira kwa onse. Pofika Khirisimasi mbewuzo zinali zitawola m'tsinde, ndipo ndinazizula. Sabata yomweyo mlongo wanga anaimba foni kuchokera kumudzi kuti wabzala chimanga m'munda wanga, chamera bwino, ndisade nkhawa. Ndinamuthokoza, ndipo nditatseka foni ndinalira kanthawi.

Mu Januwale m'nyumba ya aphunzitsi munalowa anthu ena, okhala ndi galu ndi wailesi yaphokoso. Ndinawapatsa moni kawiri kudzera pampanda. Mwina sanamve.

Ndinabwerera ku Chipangali nthawi yokolola, ndikuyenda popanda ndodo. Ndisananyamuke ndinapempha mwana wanga kuti akafunse kwa anthu atsopanowo ngati ali ndi nambala ya ana a aphunzitsi. Anthuwo anayankha kuti nyumbayo anaipeza kudzera mwa munthu wina, ndipo za bambo wachikulire sakudziwa kalikonse. Mpaka lero sindikudziwa ngati anachira.