Kodi zakwana?

Ndinakwatiwa ku Mbenje ndili mtsikana, kuchokera kwathu ku Makhuwira. Kumeneko mkazi ndiye amakakhala kwa mwamuna, choncho munthu amene ndinkaswera naye anali apongozi anga aakazi. Anali ochepa thupi, osayankhulayankhula, ndipo Chichewa chawo chinkasakanikirana ndi Chisena. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, amuna anga ali khanda la kumsana. Bambo a mwanayo anafera konko. Ndi zokhazo zomwe ndinkadziwa.

Mayiwo sankakhala pansi. Maliro a munthu wamkazi akagwa m'mudzi, oyamba kufika kukasambitsa mtembo anali iwo. Ankatungira madzi nkhalamba zitatu za pafupi nafe asanatunge athu. Loweruka ankazira m'tchalitchi okha, nthawi imene tchalitchi chathu chinali chisanaikidwe simenti. Chaka china madzi atakokolola chimanga cha kudimba, ankapita kudambo kukazula nyika, timizu tija timadya pa njala, n'kugawa theka lonse kwa ana a eni. Ine zinkandipsetsa mtima. Ana anga nawonso anali ndi njala.

"Amayi, pumulaniko," ndinkatero.

"Nkhabe, mwananga," ankandiyankha. Ndiko kuti ayi. Kenako ankanyamula ndowa.

Anthu a mumpingo ankawatama kwambiri. Koma ndinkaona kuti tsiku la mgonero, ena akamapita kutsogolo, iwo ankatuluka panja ngati akukatsokomola, n'kubwera zonse zitatha. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinakhala nawo, sindinawaonepo akulandira.

Anayamba kudwala mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lopsereza mapazi. Miyendo inatupa, mpweya n'kumawathera. Kuchipatala anati ndi mtima, anatipatsa mankhwala, tinabwerera. M'nyumba simunkakhalika chifukwa cha kutentha, ndiye masana ndinkawayalira mkeka kukhonde.

Tsiku lina ndikuwapukuta ndi nsalu yonyowa, anandigwira dzanja.

"Iwe unapita kusukulu, umawerenga Baibulo. Tandiuza. Zimene ndachitazi, kodi zakwana?"

"Kukwana chiyani, Amayi?"

Apa m'pamene anandiuza. Pothawa nkhondo sanali ndi mwana mmodzi. Analiponso wamkulu, wamkazi, wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi, amene ankadwala chikuku. Anayenda masiku atatu, khanda kumsana, wodwalayo paphewa. Tsiku lachinayi mfuti zinamveka pafupi, anzawo a paulendo anayamba kuthamanga, ndipo iwo mphamvu zonyamula ana awiri zinali zitawathera. Anagoneka mwanayo pansi pa mtengo wa masawu, n'kumusiyira chikho cha madzi. Anamuuza kuti akukasiya khanda patsogolo pang'ono, abweranso.

"Anandiyang'ana n'kunena kuti, musachedwe. Ndinabwerera patapita masiku awiri. Ndinapeza chikho chokha."

Sanalire. Ine ndi amene ndinalira.

Nditadzigwira mtima, ndinawauza zomwe ndinaphunzira m'kalasi ya ubatizo: kuti munthu sagula chipulumutso ndi ntchito, kuti Yesu anamaliza zonse, ife kwathu n'kukhulupirira basi. Ndinawakumbutsa za mbala ija inapachikidwa pambali pake, imene sinatungireko munthu madzi ngakhale tsiku limodzi, koma inalandiridwa.

"Mbalayo inaba katundu," anatero. "Sinasiye mwana."

Mawa lake ndinakwera kabaza kukaitana abusa, apongozi atandilola. Abusa athu anali munthu wachikulire, wofatsa. Anakhala pampando kukhonde kuja, n'kumvetsera nkhani yonse osadula. Apongozi atamaliza, abusa anawafunsa kuti:

"Mayi, mitembo yonse munasambitsa ija, madzi onse munatunga aja, mtima unapepukako?"

"Sunapepuke."

"Ndiye kuti si njira yake. Ngakhale mutapatsidwa zaka zina zana, sizingakwane. Zanganso sizikwana. N'chifukwa chake anabwera Iye. Ntchito zanu zija zinali zabwino, anthu anathandizika nazo. Koma Mulungu sanakutumeni kuti mumulipire. Akufuna mubwere chimanjamanja."

Apongozi anayang'ana kumbali. Kenako anafunsa kuti, "Nanga mwanayo, akakandiona, akandizindikira?"

Abusa sananame. Anati sakudziwa mmene zikakhalire kumeneko, koma amene anamusunga mwanayo zaka zonsezi ndi yemweyo akuwaitana iwo.

Lamulungu lotsatira, tchalitchi chitatha, abusa anabwera ndi akulu a mpingo awiri kudzawapatsa mgonero. Analandira. Sindinganene kuti anapeza mtendere. Masiku ena ankaoneka opepukidwa, ankandipempha kuti ndiwaimbire. Masiku ena ankafuna kudzuka kuti akatunge madzi, ndipo ndikawaletsa ankandikwiyira. Anamwalira m'mawa wina mu Novembala, mvula yoyamba isanagwe.

Pamaliro panadzaza anthu, ena ochokera kutsidya kwa Shire pa mabwato. Mmodzi mwa oyankhula anati mayiwa kumwamba alowa ndi ntchito zawo. Anthu anavomera. Ine ndinaweramitsa mutu.

Apongozi anali atandipempha kuti ndidzauze mwana wawo nkhaniyi iwo atapita. Ndinadikira milungu itatu. Tinali kudimba, tikupumula pamthunzi, pamene ndinawauza amuna anga kuti anali ndi mlongo. Anamvetsera khasu lili pamiyendo. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kumtsinje.

"Ndiye ananyamula ine," anatero.

"Inde."

"Dzina lake anali ndani?"

Apongozi sanalitchule, ndipo ine tsiku lija, ndi misozi ija, sindinafunse. Tinayesa kufunsa okalamba ena amene anawoloka nthawi imodzimodziyo, koma palibe amene ankamukumbuka.