Funso la Achimwene kwa a Khoo

Achimwene anga a Kah Seng anali telala wodziwika mumzinda wa Ipoh muno, ku Malaysia, mpaka masheya a makampani atawalowa m'magazi. Ankatseka shopu dzuwa lili paliwombo n'kukakhala m'holo ya ogulitsa masheya ndi madala anzawo. Ena ankayang'ana mitengo, iwo ankalondola mabwana. Paja mkulu wa kampani akagula kapena kugulitsa masheya ake amayenera kulengeza poyera, ndiye achimwene chilengezo sichinkawadutsa.

"Bwana amanama ndi pakamwa, osati ndi dzanja," ankatero. "Akagula, gula. Akagulitsa, liwiro la mtondo wadooka!"

Nthawi zina zinkawayendera, ndipo n'zimene zinawaononga.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Siew Peng, anapeza mnyamata waulemu, mwana wa a Khoo, mkulu wa kampani yopanga mipando. Ukwati uli pafupi, achimwene anawerenga kuti a Khoo agulitsa masheya ochuluka. Mabanja awiriwa titakumana kuti tikambirane za mwambo, bakha wowotcha ali patebulo, iwo analephera kuugwira mtima.

"A Khoo, bwato layamba kumira eti? Mwana wangayu mukumufuna kuti adzakuthandizeni kukapa madzi?"

Ndinawatsina pansi pa tebulo. "Achimwene, pakamwapo!" Koma ayi ndithu, anatchula ndi tsiku lomwe masheyawo anagulitsidwa. A Khoo anaika timitengo todyera pambale. Ananena motsitsa mawu kuti anagulitsa kuti agulire anawa nyumba ku Penang, ndipo ankafuna kuulula pa tsiku la ukwati. Atatero ananyamuka.

Kupepesa kukanathetsa zonse. Ine ndinawauza, malemu mlamu wanga, akazi awo, anawauza mpaka kulira. Iwo ankangoti, "Ndangofunsa, ndalakwanji?" Ku ukwati sanapite. Tiyi amene mkwatibwi amapereka kwa bambo ake atagwada ndinamwa ndine. Siew Peng anaimba foni, anaimbanso, mpaka anatopa. Ine ndikangoyamba nkhani ya ku Penang, achimwene ankakweza wailesi. Ndinawakwiyira zaka zambiri, ndipo nanenso ndinasiya.

Holo ija anaitseka kalekale. Masiku ano achimwene amawerenga zilengezo pafoni, atayiyandikitsa pamphuno chifukwa maso anatha. Mwezi watha anabwera kwathu osaitanidwa, chinthu chimene sachita. Anandionetsa chilengezo chakuti a Khoo apereka masheya kwa mdzukulu wawo, Khoo Jun Yik, amene wayamba ntchito pakampanipo.

"Ameneyu ndi wa Siew Peng?"

"Ndi wake. Mdzukulu wanu."

"Mpaka wayamba ntchito?" Anakhala pansi. Chisoni chinandigwira, mkwiyo wonse uja osaupezanso. Kenako anafunsa, "Iwe Ah Lan, mdzukuluyu amafunsako za ine?"

Ndikanatha kunama, koma kwathu bodza sitilitha.

"Sanafunsepo, achimwene."