Kugumula Nyumba Mwini Wake Akuyang'ana

Ndiyambe ndaulula ndekha uchitsiru wanga musanaumve kwa anthu. Mpaka imvi zoyamba kutuluka, ine ndinkakhulupirira kuti kugumula nyumba ndi ntchito yosafuna mutu. Womanga ndiye wofunika sukulu, ndinkatero, wogumula angokhala ndi phewa ndi kamkwiyo pang'ono. Poti sukulu ndinaithawa aphunzitsi atandiuza kuti mutu wangawu ndi wabwino posenzera nkhuni, ndinkaona ngati ntchito imeneyo Mulungu anasungira ine.

Inali nthawi ija matipate atangolowa kumene. Ndinkatchetcha kapinga pa nyumba ina yogona alendo m'tauni mwa Zomba muno, pomwe ankafikira aphungu. Nyumba ya Malamulo itasamukira ku Lilongwe alendo anatha. Kapinga sanasiye kumera, koma wotchetchayo anamuuza kuti akapume. Anzathu analandira ufulu wolankhula, ine ndinalandira ufulu wokhala pakhonde.

Tsiku lina kumsika, pomwe amagulitsa misomali yakale yowongola, ndinakumana ndi a Saidi, kapitawo wa zomangamanga.

"Akulu, kugumula mumatha?"

"Ndagumulapo mabanja a eni, nyumba ingandikanike?"

Linali bodza, akazi anga amake Lusiya asamve. Koma a Saidi anaseka, ntchito n'kupezeka.

Malo ake anali kumtunda kwa Masongola, kumene msewu umatopa n'kusiyira phiri. Panali nyumba yakale ya njerwa zootcha, malata ake ofiira ndi dzimbiri, nkhokwe itagwada ngati ikupemphera, khola la mbuzi lopanda mbuzi, ndi nandolo womera yekha mpaka pakhomo. Mwini ntchito anali a Felesiya, mayi wogwira ntchito ku koleji. Malowo anali a malemu mayi awo, ndipo ankafuna kumangapo nyumba yatsopano yokhala ndi galaja.

A Saidi anandisiyira makwerero, hamala, tchizulo, mgwala, chikwanje ndi wilibala ya tayala lolira. Malangizo awo anali achidule. "Nyumba amaivula ngati munthu, kuyambira chipewa. Malata, mapaso, mafelemu, kenako njerwa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba. Mukakumba pansi pa khoma, tidzakufukulani ndi fosholo. Njerwa musaswe, zilowa m'maziko." Atatero anatsetsereka kupita ku Mbedza, kumene anyamata awo onse ankamaliza nyumba ina. Ine ndinatsala ndekha.

Undekha wa kumeneko sindinauonepo. M'mawa nkhungu imatsika kuchokera kuphiri n'kukuphimba, osaona ngakhale mtengo wa mango uli pabwalo. Kumunsi umamva maminibasi akuliza mahutala, anthu ali pa moyo wawo, iwe uli pamwamba pa denga la eni ukuzula misomali. Msomali wa malata ukamazuka umalira ngati mwana wa mbuzi. Mileme inatuluka m'denga tsiku loyamba lomwelo osatsanzika. Ndinatsala ndi abuluzi, ndipo ndinayamba kuwapatsa moni. Wina wamutu wabuluu ndinamutcha Kapitawo, chifukwa ankangogwedeza mutu osagwira kanthu.

Njerwazo anazimanga ndi dothi, osati simenti. Umalowetsa tchizulo pamzere, kugogoda kamodzi, njerwa n'kunyamuka yonse. Kenako umaipala ndi chikwanje mbali zonse n'kuisanja pamulu. Ntchito yofatsa, yonga kutongola chimanga. Phewa ndi mkwiyo zija ndinabwera nazo zinasowa pogwira.

Nditamaliza denga ndinaona kuti ndili ndi mlendo. Pamuzu wa mango panakhala bambo wina wokalamba, wovala jekete lalikulu kumuposa, ndodo ili pakati pa miyendo. Ndinamupatsa moni, anayankha ndi mutu wokha ngati buluzi uja. M'mawa mwake anabweranso. Mkuja wakenso.

"Gogo," ndinatero tsiku lina, "ngati mukudikira malata, ali ndi eni ake. Koma chiswe tengani, n'chaulere."

"Mzere umenewo musamenye kwambiri," anatero. "Ndinamanga dothi lake lili lofewa. Kunagwa mvula."

Hamala inandilemera m'manja. Anali a Muhiwa, bambo awo a Felesiya, amene anamanga nyumbayo.

Nkhani yawo inatuluka pang'onopang'ono, tikudya chinangwa chootcha. Anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ali mnyamata, n'kudzakwatira pamalopo. Monga mudziwa kuno mwamuna amamanga kwa mkazi. Njerwa anaumba okha, akazi awo a Elube akutunga madzi kumtsinje. A Elube atamwalira, abale a mkazi anawasudzula monga mwa mwambo kuti abwerere kwawo. Kwawo kuti? Owadziwa kumeneko onse anali pansi. Mwana wawo anawapezera kachipinda ku Chikanda, kuseri kwa golosale, pakati pa ana asukulu ndi mawailesi awo. Ankadya bwino, ankafunda bwino. Wolankhula naye ndiye panalibe.

"Kwathu nyumba amagumula mwini wake akafa," anatero a Muhiwa. "Elube atapita, abale ake anafuna kuigwetsa. Kenako anati ayi, isiyeni, woimanga adakalipo. Yakhala zaka zonsezi chifukwa ine ndikupuma. Tsopano mwabwera inu ndi hamala." Anandiyang'ana. "Ndiye kuti ine ndafa liti, achimwene? Sanandiuze."

Ndinatola chikwanje n'kubwerera kukapala njerwa.

A Felesiya sanali munthu woipa, musawaweruze. Loweruka lina anabwera, anagwada pafupi ndi bambo awo n'kuwauza kuti m'nyumba yatsopanoyo muli chipinda chawo, cha zenera loyang'ana kuphiri. A Muhiwa anangoti, "Zikomo, mayi." Mwana ankakamba za chipinda, bambo ankamva za maliro.

Ndinayamba kuchita ukathyali. Ndinagumula khitchini, nkhokwe, khola, chipinda chochezera, chilichonse kupatula chipinda chogona chakumadzulo. Chimenecho ndinkachizungulira ngati galu wa eni. Chinatsala chokha pakati pa bwalo, makoma anayi opanda denga, ndipo a Muhiwa anasamuka pamuzu paja n'kumakakhala m'katimo pa njerwa ziwiri.

Ndiye linafika tsiku lija. A Saidi anakwera m'mawa ndi chingwe ndi zikhomo, nkhungu isanachoke.

"Ichi chikutani pano? Galaja ikhala pomwepa. Mawa ndikubwera ndi anyamata kudzakumba maziko. Chigwe lero. Njerwa zake zisakuvuteni, ingokankhani ndi mgwala."

"Muli munthu m'katimo, bwana."

Anasuzumira, anavula chipewa, anapereka moni mwaulemu, n'kundikokera pambali. "Awa ndi msinkhu wa malume anga, ine sindingathe kuwatulutsa. Inu ndi amene mumadya nawo chinangwa. Dzuwa likamalowa pakhale poyera." Anapita.

Ndinakhala panja nthawi yaitali, mgwala uli m'manja. Kuwanyamula ndikanatha, anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Koma ndikanawatulutsa n'kugwetsa khomalo iwo akuona, ndiye kuti ndawaika m'manda ndi manja anga, iwo n'kutsetsereka kupita ku Chikanda ali mtembo woyenda. Ndikanakana, a Saidi akanabwera ndi anyamata osadziwa kanthu, n'kuligwetsa akuimba nyimbo.

Ndinalowa. Pansi pankaonekabe mizere ya zala pomwe a Elube ankazira ndi dothi lakuda. A Muhiwa ankaitsata ndi nsonga ya ndodo.

"Gogo, ndifunse za mwambo, poti ine sukulu ndinathawa. Nyumba ya womwalira amagumula ndani?"

"Adzukulu. Anthu apadera."

"Mwini wake amagwira nawo?"

"Mwini wake wafa, agwira bwanji? Mumaganiza ndi chiyani inu?"

"Nanga munthu akagumula yekha nyumba yake, amati wafa?"

Ndodo inaima.

"Amati akusamuka," anatero.

Ndinawapatsa hamala ndi tchizulo.

Musaganize kuti zinali zokongola. Makwerero anali ogwedera, mwini nyumba wogwedera kuposa makwererowo. Ndinawagwira m'chiuno ndikupemphera kuti asagwe, chifukwa ndikanafotokoza bwanji kwa a Felesiya kuti bambo anu ndinawakweza pakhoma? Anaika tchizulo pamzere wapamwamba. Kumenya koyamba anaphonya. Kachiwiri anadzimenya chala n'kutukwana m'Chilomwe mawu amene sindingawalembe pano. Kachitatu njerwa inanyamuka.

Anaitembenuza, anaisasa fumbi, n'kundipatsira pansi.

"Palani bwino. Osaswa."

Kuyambira pamenepo kapitawo anali iwo. Anachotsa mzere woyamba okha mpaka mpweya unawathera, kenako anakhala pakhomo n'kumandilamula. Uku yambani, uko musiye, njerwa iyo ndi yosapsa ikani padera, inu amene anakuphunzitsani kugwira chikwanje ndani. Ananditukwana tsiku lonse ndipo ndinkamva kukoma. Nkhungu inachoka, inabweranso. Pofika madzulo makoma anali m'mawondo, kenako m'mapazi, kenako panatsala pansi pokha pozira paja, poyera ngati mphasa yoyala pabwalo.

Anaimirira pamenepo kanthawi. Sanalire. Anatola njerwa yoyamba ija, anailowetsa m'thumba la jekete mpaka jeketelo linapendekera mbali imodzi, n'kunditambasulira dzanja.

"Ndasamuka, achimwene. Tsalani bwino."

Ndinawayang'ana akutsetsereka okha ndi msewu, phewa limodzi lili pansi, mpaka nkhungu inawameza. Sanabwerenso kumalo kuja nthawi yonse ya ntchitoyo. Ine ndinagwirabe ndi a Saidi mpaka nyumba yatsopano inafika pa lintala, pamwamba pa mazenera, ndipo pamuzu wa mango paja sindinkapayang'ana. Ndinamva kuti m'chipinda chawo cha zenera loyang'ana kuphiri anagonamo ndithu, mvula ziwiri kapena zitatu. Galaja ilipo mpaka lero. Galimoto imagona pomwe ankagona a Muhiwa ndi a Elube, ndipo pansi pake pali njerwa zawo zomwe.

Nyumba ndagumula zambiri chichokereni pamenepo. Ndisanakweze makwerero ndimayamba ndafunsa kuti anaimanga ndani, ndipo ali kuti. Akakhala moyo, hamala yoyamba ndi yawo, ngakhale achite kuwanyamula pa njinga.

Koma ndibwerere ku tsiku lija. Ndinafika kunyumba kutada, fumbi mpaka m'makutu. Nanenso paja ndine mkamwini, kanyumba kathu ndinamanga pamalo a amake Lusiya. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana khoma langa lokhota, njerwa zanga zosapsa bwino. Chakudya chinandikanika. Ndinawafotokozera zonse, ndipo pomaliza ndinafunsa ngati nthabwala, koma mawu anatuluka opanda nthabwala.

"Amake Lusiya, inu mukadzatsogola, ine abale anu adzanditani pano?"

Anapitiriza kupukuta mbale osandiyang'ana.

"Ndani wakuuzani kuti nditsogola ndine? Muyambe ndinu, bambo. Ine nditsala ndione kuti aigumula bwino nyumba yanu yokhotayi, kenako ndikupezani. Tsopano idyani, musafe lero, denga likudontha."