Maliro a Bambo Anga ndi Mawu a Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi analowa sukulu ya zaluso ine ndisakufuna. Ndiyambe ndaulula zimenezo, chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi amandikometsera, amati linali tsoka chabe. Ayi ndithu, tsokalo linali ndi mwini wake.

Tinkakhala awiriwiri ku Laurel, kuno ku America, m'fulati ya zipinda ziwiri, bambo ake atatsala ku Blantyre ndi mkazi wina. Ine ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Bethesda, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa. Ndinkafuna iyeyo adzakhale namwino weniweni wa mapepala, osati wopukuta anthu ngati ine. Ndiye tsiku lina akubwera ndi fomu, ati amayi sayinani, ndikufuna kukaphunzira kuyimba. Ha! Ndinamufunsa kuti kodi kuyimba amaphunziranso? Kwathu ku Ntcheu munthu amangotsegula pakamwa, nyimbo n'kutuluka. Koma analira masiku awiri, ine n'kusayina.

Inali sukulu ya boma, yaulere. Akale m'deralo ankati poyamba inali sekondale wamba, kenako mabanja ambiri anasamuka, makalasi n'kutsala pululu. M'malo moitseka, akuluakulu a maphunziro anaisandutsa ya zaluso kuti izikoka ana akuda ndi oyera kuchokera m'madera onse, n'chifukwa chake ankaitchula kuti ya maginito. M'mawa ana ankaphunzira masamu, sayansi ndi Chingerezi ngati kwina kulikonse. Masana aliyense ankapita ku luso lake: ovina uku, a zisudzo uku, ojambula, oliza zida, ndi oyimba pakamwa, kumene kunali wangayo. Polowa ankayesedwa, ndipo kulowa sikunali kufika. Kumapeto kwa chaka mwana aliyense ankayima yekha pamaso pa aphunzitsi n'kuonetsa zimene waphunzira. Akalephera ankabwezedwa ku sekondale ya kudera kwawo, malo ake n'kupatsa wina.

Mphunzitsi wake wa mawu anali mayi wachikulire, wakuda, wa kuno konkuno, woyenda chowongoka ngati wameza ndodo. Anali ndi malamulo amene ine ndinkawaseka. Osakuwa, osamwa madzi ozizira, kukhosi kuzikhala kofunda, ndipo mayeso akayandikira mawu azipuma. Mwanayo ankayenda m'nyumba atakulunga kansalu m'khosi, akung'ung'udza nyimbo za Chitaliyana ndi Chijeremani. Ndinkamunena kuti, “Iwe, Chichewa chikukukanika, ukuyimba za ku Jeremani?” Iye ankamva Chichewa chonse koma ankayankha m'Chingerezi, monga achitira ana a kuno.

Chaka chake chachiwiri anapatsidwa chenjezo, ndipo nalonso linali langa. Nthawi yozizira kuno kumada msanga, ndiye ndinamuletsa kutsalira ku zoyeserera za kwaya ya sukulu, poopa kuti mtsikana azidikira basi yekha. Anajomba kangapo. Kalata inabwera yoti mayeso a kumapeto kwa chaka ndiwo adzaweruze ngati akhalabe pasukulupo. Kuyambira pamenepo anachita khama loopsa. Nyimbo zitatu anazibwereza mpaka ine, wosadziwa tanthauzo lake, ndinaziloweza. Ndipo ndisaname, ankayimba mokoma moti nthawi zina ndinkatseka mpopi kuti ndimve bwino, koma sindinamuuzepo. Mayesowo anali Lachinayi.

Lachiwiri m'mawa, nditavala kale yunifolomu, foni inalira. Anali achimwene, akuyimba kuchokera ku positi ofesi ku Ntcheu, mawu akumveka patali. Bambo atisiya. Mayo ine! Ndinakhala pansi pomwepo, pakhomo la khitchini. Panali patatha zaka khumi ndi chimodzi ndisanawaone, ndipo mapepala anga anali asanalongosoke. Ndikanatuluka m'dziko muno sindikanabwereranso. Achimwene anati adikira abale a ku Joni, mwambo woyika udzakhala Lachisanu. Ine mwana woyamba wa malemuwo ndinali kutsidya kwa nyanja, osatha kuponya ngakhale kadothi m'manda.

Pofika masana nyumba inali itadzaza. Amuna anatulutsa mipando, amayi tinakhala pansi pa zitenje, miyendo titatambalala, ena ochokera ku Woodbridge atasiya ntchito pakati. Mwambo wake ndi womwewo ngakhale thupi lili kutali: a m'nyumba ya maliro sachoka mpaka kwawoko ataika. Nyimbo zinayambika, koma zinkangofera m'njira, poti ambiri tinali titayiwala mavesi. Mayi wina anati, “Kodi si muli ndi mwana wophunzira kuyimba muno? Abwere atitsogolere.” Onse anavomera. Kwa nthawi yoyamba ndinanyadira sukulu ija.

Mwanayo anandikokera kuchipinda n'kundinong'oneza m'Chingerezi kuti sangayimbe, mawu akuyenera kupuma, mayeso ndi mkuja. Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo tsikulo unalibe pougwira.

“Agogo ako agona uko, iwe ukuwerengera kukhosi kwako? Mawu akowo ndi dzira?”

Anati agogowo anawasiya ali ndi zaka zinayi, nkhope yawo sakuikumbuka. Pamenepo ndiye anathira mafuta pamoto.

“Usandichititse manyazi pamaso pa anthu. Tenga buku la nyimbo, tiye!”

Anatenga. Anagwada pakati pa amayi, n'kuyamba. Anthuni, nyumba ija inagwedezeka. Amayi amene anali atauma maso analira ngati maliro ndi awo, ndipo ine ndinamva ngati bambo anga aikidwa mwaulemu. Nyimbo ikatha ankamupempha ina. Iye anaphunzitsidwa kuyimba mosamala, koma nyimbo za maliro sizifuna zimenezo, zimafuna kukweza mpaka mitsempha itaonekera m'khosi, kuti upose anthu makumi atatu olira. Anayimba Lachiwiri lonse, Lachitatu lonse, akumwa madzi ozizira a m'firiji poti ndi amene analipo.

Lachinayi m'mawa ndinamuona atavala diresi yake yakuda, chikwama chili paphewa. Ndinamuyimira pakhomo. Panali mayi wina wa ku Chipata, mnzanga wa kuntchito, amene anandigwira mkono n'kunena kuti, “Amake mwana, mulekeni ayende chabe, azabwela manje manje. Kuno ni ku America.” Ndinamuyankha mwachipongwe kuti mwina kwawo maliro amawasiyira panjira, koma ife ayi. Mayi uja anangosiya mkono wanga. Kusukulu sindinayimbe foni n'komwe. Ndikanayimbiranji? Kwathu ukati tinali ku maliro, nkhani yathera pomwepo, kaya ndi kwa bwana, kaya ndi kukhoti. Ndinkaona ngati dziko lonse limadziwa zimenezo. Mwanayo anavula nsapato, n'kubwerera pa chitenje paja. Sanalire, anangotsegula buku.

Lolemba ndinapita naye ndekha, nditamanga mpango wakuda kumutu. M'makhonde munali tiatsikana tovina titavala zothina, zithunzi zopenta zili m'makoma, piyano ikulira kuseri kwa chitseko chilichonse. Mphunzitsi uja anatilandira bwino, n'kundipepesa za bambo. Anati ndikanangoyimba foni, akanasuntha mayesowo popanda vuto, koma tsopano aphunzitsi anali atatsala ndi tsiku lomwelo lokha kuti atseke zotsatira za chaka. Anawapempha anzake, ndipo anavomera kumumva masana. Kenako anatembenukira kwa mwanayo n'kumuuza kuti anene moni. Atamva mawu amene anatuluka, mayi uja anatseka maso. Anandifunsa kuti wakhala akutani masiku onsewa. Ndinayankha monyadira kuti amayimbira agogo ake.

Makolo sankaloledwa kulowa, ndiye ndinakhala pabenchi panja pa chitseko. Piyano inayamba. Nyimbo ija ndinkaidziwa, ndinkadziwanso pamene imakwera. Atafika pamenepo, mawu anasweka, kunangotuluka mphepo. Piyano inayima, n'kuyambiranso. Anaswekanso pomwepo. Kachitatu sanafike n'komwe. Ndinakhala pabenchipo manja ali m'masaya, ndipo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinafuna kugogoda, ndiwauze kuti ndine, lembani dzina langa, koma sindinagogode.

Kalata inabwera patatha sabata ziwiri. Chifukwa cha chenjezo lija, malo ake anapatsidwa kwa wina. Kalatayo inati akhoza kudzayesanso chaka chamawa. Mawu ake anabwerera pasanathe mwezi, koma iye sanayesenso. Kansalu ka m'khosi kaja ndinakapeza m'bini. Mapepala a nyimbo anawaika m'katoni pansi pa bedi, ndipo tikusamuka anawasiya pomwepo. Kutchalitchi ankayimirira ndi anzake, buku lili m'manja, pakamwa atatseka. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa kutukwana.

Lero ndi namwino wa mapepala pachipatala china chachikulu ku Bethesda. Amayi a kutchalitchi amandiyamikira kuti ndinalera bwino, mwana wanga sanasochere ndi zoyimbayimba. Ndimangoti zikomo. Ndinapeza chimene ndinkafuna, nanga ndidandaulire ndani?

Chaka chatha ndinadwala, anandichita opaleshoni, ndipo iye ndi amene ankandisambitsa ndi kunditembenuza, manja ake ofewa kuposa anga. Tsiku lina masana akundipesa tsitsi, ndinalimba mtima. Ndinayamba ngati nthabwala, poti kupepesa sindidziwa.

“Iwe, ndikadzafa usadzalole amayi aja kuwononga nyimbo. Udzandiyimbire wekha, wamva?”

Chipeso chinayima pang'ono, kenako chinapitiriza. Anandiyankha m'Chichewa, chimene sanachitepo kuyambira ali wamng'ono.

“Amayi, maliro anu ndinayimba kale.”